Ada Tibo, Nduna ya Masabata Atatu

Mukafika pa Mzimba Boma n'kufunsa za munthu amene ankadziwa kutula pansi udindo, palibe angakufunseni kuti mukunena ndani. Ngakhale wa kabaza amene wayamba ntchito dzulo akuyankhani kuti, "Mukunena Ada Tibo." Anthu ena amabadwa ndi luso loimba, ena losula makasu. Ada Tibo anabadwa ndi luso losiya. Mukawapatsa mpando Lolemba, pofika Lachinayi avala kale jekete, kalata ili m'manja, akukonza pakhosi.

Amene ankawadziwa kuposa wina aliyense ndi mayi Dyness, omwe aliyense amawatchula ndi chiwongo chawo kuti NyaShaba, mwini tiyirumu ya kuseri kwa depoti. Iwo ndi amene anawaona tsiku loyamba, mu Okutobala wa 2011. Basi ya azungu oona malo inaima kuti imwe mafuta, ndipo munatsika nkhalamba yoonda, yamphuno yaitali ngati chogwirira cha ketulo. Inalowa m'tiyirumu, n'kukhala pansi, n'kulemba masamba awiri. Kenako inatuluka n'kumuwerengera dalaivala mokweza kuti kuyambira leveni koloko ya tsikulo, iyo yasiya kukhala mlendo woona malo, chifukwa anzake a m'basimo akhala akuimba nyimbo imodzimodzi kuchokera ku Kasungu.

Dalaivala anaseka. Anaimba hutala. Anadikira theka la ola. Potsiriza anatsitsa sutikesi n'kunyamuka.

Mzunguyo anabwerera m'tiyirumu n'kuloza ketulo.

"Taona, mkazi iwe, indetu ndili ndi ludzu."

NyaShaba anaika supuni pansi. "Mkazi iwe ndi ndani? Kuno timati amama. Chichewa chimenechi mwachifukula kumanda ati?"

Mzunguyo anati anachiphunzira m'ndege, m'kabuku kakale ka nthawi ya amishonale.

"Mbwenu mwavutika pachabe," anatero NyaShaba. "Kuno n'Chitumbuka."

Mzunguyo anaphunzira Chitumbuka masabata awiri, kenako anachilembera kalata n'kuchisiya.

Dzina lawo linali Tibor Halvenka, koma pakamwa pa anthu panangotsala Tibo. Kwawo kunali kadziko kena ka ku Ulaya kozizira, kopanda nyanja, komwe dzina lake likatchulidwa anthu ankaganiza kuti wina watsamwa. NyaShaba anawapatsa chipinda cha kuseri kwa tiyirumu poganiza kuti agona masiku awiri. Anakhalamo zaka khumi ndi ziwiri.

Atawafunsa ntchito yomwe ankagwira kwawo, Ada Tibo anawerenga ndi zala. Mtolankhani, zaka makumi atatu. Mlembi wa mabuku, asanu ndi limodzi. Nduna ya boma yoona za madzi ndi nkhalango, masabata atatu.

"Nduna?" NyaShaba anawayang'ana kuyambira kunsapato. "Nduna yopanda mimba? Galimoto ili kuti?"

"Kwathu nduna zimapita kuntchito pa njinga."

"Mbwenu ndi dziko losauka chomene. Imwani tiyi, adada."

Palibe anakhulupirira, koma aliyense anasangalala nalo bodzalo, moti ana a sukulu akakumana nawo ankaima njo n'kuchita sailuti.

Udindo woyamba anawapatsa ndi a kwaya, atamva kuti mawu awo ndi a besi. Anatula pansi Lachinayi, pa zifukwa zisanu ndi ziwiri, chachinayi chikunena za mayi wina wa soprano amene ankafika kumapeto kwa nyimbo anzake ali pakati. Kalatayo inali yokoma moti mayi wa sopranoyo anapempha kuti aiwerengenso kachiwiri. Anyamata a mpira anawasankha kukhala tcheyamani wa timu. Anatula pansi pa hafu taimu, timu ikutsogola ndi zigoli ziwiri, ati safuna kuzolowera ulemerero. Tsiku lina akusewera bawo pamsika anaimirira njere zili m'manja, n'kulengeza kuti chikumbumtima chawo sichikuwalola kupitiriza kudya ng'ombe za mnzawo.

Lolemba lililonse ankatula pansi udindo wokhala mlendo wa NyaShaba. Ankatulutsa sutikesi pakhonde, kuwerenga kalata yodandaula za shuga wochuluka m'tiyi, kugwirana chanza ndi makasitomala onse, n'kuyenda mpaka pa positi ofesi. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana ankabwerera.

"Mwabwera ngati ndani?" NyaShaba ankafunsa, manja ali m'chiuno.

"Ngati wogwirizira mpando, amama, kufikira atapezeka woyenera."

"Wogwirizira mpando atsuke m'manja."

Kwawo kwa NyaShaba ku Engutwini anawazolowera msanga. Akuluakulu anawapatsa chiwongo cha Shaba, kamunda ka mizere khumi, ndi mbuzi imodzi yaikazi. Mbuziyo itadya chipewa chawo, Ada Tibo anavala jekete, n'kupita pakhola, n'kuiwerengera kalata yosiya kukhala mwini wake. Mbuzi inamvetsera bwinobwino mpaka kumapeto, kenako inadya kalatayo. Iwo anati aka kanali koyamba pa moyo wawo kuti kalata yawo ilandiridwe ndi mtima wonse.

Ndiye panali nyuzipepala. Loweruka lililonse ankamata pachitseko cha tiyirumu tsamba limodzi lolemba pamanja, lotchedwa Liwu la Ketulo. Mkonzi anali iwo, mtolankhani iwo, ndipo nkhani zambiri zinkanena za iwo omwe. Atasankhidwa kukhala mlembi wa komiti ya ukhondo pamsika, Liwu la Ketulo linatuluka ndi mutu waukulu wakuti MLEMBI WATSOPANO NDI MUNTHU WOKAYIKITSA. Pansi pake panali mafunso omwe mtolankhani Tibo anafunsa mlembi Tibo, ndipo mlembiyo anakana kuyankha atatu. Sabata yotsatira mlembi anatula pansi udindo chifukwa cha chipongwe cha atolankhani. Sabata inayo mkonzi nayenso anatula pansi, pochita manyazi kuti wagwetsa munthu wosalakwa.

"Nonsenu mumagona pa bedi limodzi," anatero NyaShaba. "Bwanji osangokambirana?"

"Amama, mtolankhani wabwino sacheza ndi andale."

Mapeto ake anthu anayamba kuwasankha m'maudindo pongofuna kumva kalata. Lachinayi la Ada Tibo linkadzaza anthu kuposa msonkhano wa ndale. Azimayi ankabwera ndi zitumbuwa, a kabaza ankanyamula anthu kuchokera ku Edingeni, ndipo aphunzitsi ena ankakopera mawu kuti akagwiritse ntchito pofunsira.

Kenako kunabwera nkhani ya mjigo.

M'chaka cha 2018 bungwe lina linalonjeza kukumba mjigo umodzi m'mudzi wa kwa NyaShaba. Azimayi kumeneko ankatunga madzi kudambo, ulendo wa ola lathunthu, ndipo pofika Okutobala ankachita kukanganirana ndi ng'ombe. Iwo ankafuna mjigowo pakati pa mudzi. Koma panali a Cosmas Moyo, mlimi wa fodya wa zigafa zinayi, amene ankaufuna kuseri kwa phiri, pafupi ndi nazale yawo. Lamulo la bungwelo linali lakuti malo okumba awasainire tcheyamani wa komiti ya madzi, ndipo tcheyamani akachoka, wachiwiri wake ndiye atenge cholembera.

Pa tsiku la masankho a Cosmas anaimirira ndi nkhope yofatsa.

"Ine mpando sindikuufuna yayi. Tili ndi mbale wathu Shaba pano, munthu woti anakhalapo nduna ya madzi. Ine ndingokhala wachiwiri wake, ndiziphunzira."

Anthu anaseka mpaka misozi. Azimayi anaimba nthungululu, akuganiza za Lachinayi. Manja onse anakwera m'mwamba kupatula a NyaShaba, amene anaona msampha wonse nthawi yomweyo. Pobwerera, atafika pa mlatho, NyaShaba anawatembenukira Ada Tibo.

"Adada, mwadziwa chimene akuchitirani?"

"Andipatsa udindo."

"Akupatsani kuti muutaye. Mukangowerenga kakalata kanu, Cosmas asaina, mbwenu madzi apita kwa fodya. Azichemwali anga azikafera kudambo chifukwa cha masewera anu."

Ada Tibo anangoyang'ana pansi pa mlatho, pomwe panali mchenga wokhawokha.

Lachinayi linafika. Anthu anasonkhana pabwalo ndi mipando yawo. Ada Tibo anabwera atavala juzi, osati jekete, ndipo anatsegula msonkhano n'kuyamba kukamba za mapaipi. Anthu anadikira. Anakamba za simenti. Anakamba za mpanda woletsa nkhumba. Dzuwa litapendeka anatseka msonkhano ndi pemphero. Mayi wa zitumbuwa anabwerera kwawo akung'ung'udza kuti boma lachinyengo layamba.

Lachinayi lachiwiri, chimodzimodzi.

A Cosmas anayamba kuonda. Anaitanitsa misonkhano ya faifi koloko m'mawa, koma ankapeza tcheyamani atafika kale. Anacheka mwendo umodzi wa mpando wa tcheyamani, koma Ada Tibo anayendetsa msonkhano wonse atapendekeka ngati ngolo yothyoka gudumu. Anawathirira masupuni asanu ndi atatu a shuga m'tiyi, iwo anamwa akugwetsa misozi n'kunena kuti yewo. Anabweretsa adzukulu awo kuti aziimba nyimbo imodzi kuyambira m'mawa mpaka masana panja pa zenera. Anawagulira mphatso ya mapepala oyera ndi cholembera chatsopano. Zonsezi zitakanika, a Cosmas analemba okha kalata yotula pansi udindo n'kupita nayo.

"Ndapota, a Nduna, ndakuchepetserani ntchito. Mungosaina apa."

Ada Tibo anaiwerenga mosamala, n'kutenga cholembera chofiira. Anakonza zolakwika khumi ndi zinayi, n'kulemba pansi pake kuti, "Mfundo zilipo, koma mtima mulibe. Yesaninso."

Koma kunena zoona, munthuyo ankavutika. Lachitatu likafika m'manja munkawayabwa ngati munthu wosiya fodya. NyaShaba anabisa jekete m'thumba la chimanga, zolembera n'kuzitsekera m'chitini cha shuga. Pofuna kuziziritsa thupi, Ada Tibo ankasiya tinthu tina ndi tina. Anasiya kudya nyemba. Anasiya kuvala sokosi. Tsiku lina anapezeka pamsika akuuza mkulu wogulitsa nsomba kuti atula pansi udindo wokhala mlamu wake.

"Koma inu si alamu anga."

"Ndiye zayenda bwino."

Masana ena NyaShaba akusenda mtedza kuseri kwa tiyirumu, anawaona atakhala pa njerwa, atakhalira manja awo onse awiri.

"Adada, ndiuzeni. Matenda amenewa anayamba liti?"

Ada Tibo anayankha m'Chichewa wamba, chopanda indetu ngakhale taonani. Anati kwawo boma linkafuna kumanga damu lalikulu lomwe likanamiza midzi itatu, umodzi mwa iyo kwawo kwa mayi awo. Iwo, monga mtolankhani, analemba zotsutsa damulo kwa zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka akuluakulu anatopa nawo n'kuwapatsa unduna womwewo wa madzi. Sabata yachitatu anawabweretsera pepala la damu kuti asaine.

"Ndinakana. Ndinalemba kalata yotula pansi udindo. Amama, inali kalata yokongola. Inatuluka m'nyuzipepala zonse. Anthu ankandiimitsa pamsewu kundigwira chanza."

"Nanga damu?"

"Wachiwiri wanga anasaina m'mawa mwake, tiyi asanamwe. Tchalitchi chimene ndinabatizidwiramo chili pansi pa madzi. Chilimwe chikakula, mtanda wake umaonekera."

NyaShaba anasiya kusenda.

"Ndikanangokhala pampando paja osasaina," anatero Ada Tibo. "Akanachita kundinyamula. Mwina chaka chikanatha, mwina zinthu zikanasintha. Koma ndinkafuna anthu aone kuti manja anga ndi oyera. Mabuku anayi mwa asanu ndi limodzi aja amafotokoza chifukwa chake ndinachita bwino. Munthu amene anachitadi bwino salemba mabuku anayi."

NyaShaba anawakankhira lichero.

"Sendani. Manja akhale ndi chochita."

Tsiku lomwe galimoto yokumba mjigo inafika, a Cosmas anakaichingamira pamphambano atavala tayi, n'kuilondolera kuseri kwa phiri, akuuza kapitawo wake, a Steve ochokera ku Kasungu, kuti tcheyamani wadwala mutu ndipo zonse zili m'manja mwawo. Uthenga utafika pabwalo, panalibe galimoto kapena njinga. Panali ngolo ya ng'ombe yomwe inkapita kukatuta manyowa. Ada Tibo anakweramo ndi mpando wawo wa miyendo itatu uja, NyaShaba ali pambali atagwira ambulera, ng'ombe zikuyenda ngati zikupita kumaliro a munthu amene sizinkamukonda.

Anafika chitsulo chokumbira chitaimikidwa kale. Ada Tibo anatsika, n'kuika mpando pamalo enieni pomwe anajambula mtanda, n'kukhala.

"Bambo, tachokani pamenepo," anatero a Steve. "Chitsulochi sichidziwa mzungu."

"Ndine tcheyamani."

"Atiuza kuti mwadwala mutu."

"Ndi zoona, koma unayamba kalekale, ndipo komiti inandisankha ikudziwa."

A Cosmas anathamangira pakati. "A Steve, musadandaule. Ameneyu lero n'Lachinayi. Tingodikira pang'ono, asiya yekha."

Anadikira. Dzuwa linakwera. Mphuno ya Ada Tibo inafiira ngati tomato wa ku Jenda. Azimayi a m'mudzi anayamba kufika mmodzimmodzi ndi zidebe zopanda madzi, n'kukhala pansi mozungulira mpando uja. Pofika thwelofu koloko analipo oposa makumi anayi, ena akuyamwitsa, ena akuluka tsitsi. A Cosmas anagwada.

"A Nduna, ndapota. Simukumva kuyabwa m'manja? Kapepala ndili nako."

Thukuta likutsika, Ada Tibo anayang'ana kapepalako nthawi yaitali, ngati munthu wanjala akuyang'ana nyama ya eni ake. NyaShaba anawaponda chala chakuphazi.

"Kuyabwa ndikumva," anatero. "Koma sindichoka."

Cha m'ma thuu koloko a Steve anatulutsa fomu, n'kuwerenga dzina la tcheyamani, n'kuyang'ana azimayi aja, n'kuuza anyamata ake kuti apinde chitsulo. Galimoto inatembenuka kulowera pakati pa mudzi, ngolo ikutsogolera.

Madzi anatuluka tsiku lachitatu. Atangotumphuka, ana akukuwa, Ada Tibo anapempha jekete lawo. Linatuluka m'thumba la chimanga lili ndi anankafumbwe m'matumba. Anthu anathamangira kukatenga mipando, poti anali atadikira kalata imeneyi miyezi iwiri. Ada Tibo anakonza pakhosi, n'kutambasula pepala.

"Madzi atuluka. Ndasiya."

N'kupinda pepala.

Kunali chipwirikiti. "Yomweyo?" anakuwa mayi wa zitumbuwa. "Miyezi iwiri, mawu atatu?" Ena ankati awerengenso, ena ankati asankhidwenso pompo kuti asiye bwinobwino. A Cosmas okha ndi amene anapeza mpando womwe ankaufuna, ndipo ntchito yoyamba ya tcheyamani watsopano inali kumanga mpanda woletsa nkhumba.

Ada Tibo anadwala chifuwa m'nyengo yozizira ya 2023. Kuchipatala anayesa kawiri kusiya kukhala wodwala, koma anamwino ankangolandira kalata n'kuwabwezera pabedi. Sabata yomaliza sanapemphenso pepala. Anamwalira Lachitatu masana, NyaShaba akuwapukuta kumaso, atangowauza kuti tiyi wa tsikulo anali bwino.

Anawaika ku Engutwini, pakati pa a Shaba anzawo. Mwambo uli mkati, kunatulukira galimoto yakuda yokhala ndi kambendera kachilendo. Munatsika mayi wachizungu wochokera ku ofesi ya kazembe wa dziko lawo, atanyamula nkhata ya maluwa yaikulu ngati tayala la thirakitala. Anayamba kuwerenga mbiri ya malemu, mphunzitsi wina akumasulira. Mtolankhani wopanda mantha. Mlembi wa mabuku asanu ndi limodzi. Nduna ya madzi ndi nkhalango.

Kenako kunamveka mawu a gogo wina kumbuyo. "Kasi vikaŵa vyaunenesko?" Zinali zoona? Anthu amene anawatuma kukatunga madzi, amene anawabera pa bawo, amene anawakweza ngolo ya manyowa, onse ankayang'anizana. Woyamba kutsitsimuka anali a Cosmas. Anakonza tayi, n'kupita kukagwira chanza mayi uja.

"Ine ndinali wachiwiri wawo."

Mpaka lero amafuna kuti azitchulidwa Wachiwiri kwa Nduna, ndipo anthu amawatchuladi, makamaka akamadutsa ndi zidebe.

Masiku ano pa Boma pali phee. Makomiti alipo ambirimbiri, koma amene wakhala pampando amakhalapo mpaka mpandowo utathyoka, ndipo ukathyoka amaitanitsa wina. A kabaza amati Lachinayi lasanduka tsiku wamba. M'tiyirumu anthu amamwa tiyi n'kumapita, chifukwa palibenso wowachedwetsa.

Pokonza chipinda cha kuseri, NyaShaba ndi mayi wa kwa kazembe uja anapeza pansi pa matiresi mulu wa makope a ana a sukulu, omangidwa ndi mphira wa njinga, odzaza ndi zolemba za m'chilankhulo cha kwawo. Mayiyo anati limeneli ndi buku lachisanu ndi chiwiri, ndipo liyenera kupita ku Ulaya. NyaShaba anatsegula kope limodzi. Sanamve kalikonse, zilembo zake zinali ndi timichira ndi tizipewa. Koma pakati pa tsamba anaona liwu limodzi lomwe ankalidziwa: Dyness. Anatsegula tsamba lina, linalipo. Lina, linalipo kawiri. Pa zaka khumi ndi ziwiri zonse, munthuyo anali asanawaitanepo ndi dzina limenelo ngakhale kamodzi.

"Ndikumasulireni?" anafunsa mayi uja kudzera mwa mphunzitsi womasulira uja.

NyaShaba anaganiza kaye. "Yayi. Mwina akudandaula za shuga."

Anawalola kutenga makope onse kupatula limodzi. Limakhala pa shelefu, kuseri kwa makapu. Masana, makasitomala akatha, NyaShaba amapukuta manja pachitenje, n'kukhala pafupi ndi zenera, n'kumayendetsa chala mzere ndi mzere m'mawu omwe sadzawamva, mpaka atadzipeza.